Mapiri a Mchinji, Kumene Mvula Imagawikira

Akatchula mapiri a m'Malawi, maganizo a anthu ambiri amathamangira ku Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, kapena ku Zomba, ku Dedza ndi ku Nyika. Mapiri a Mchinji satchulidwatchulidwa. Alibe mathithi otchuka ndipo alendo sabwera kudzawajambula. Ukanyamuka ku Lilongwe pa msewu wa M12 umayenda makilomita oposa 100 m'dziko lathyathyathya, kudutsa pa Msundwe, pa Namitete, pa Waliranji ndi pa Kamwendo, minda kuno minda uko, ndipo mzere wa mapiri umayamba kuoneka bwino ukamayandikira pa boma. Nsonga zake zazitali zimapitirira mamita 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, koma popeza chidikha chimene waimapocho chili kale pamwamba, mamita 1,100 kapena 1,200, diso limakunamiza kuti ndi timapiri wamba.

Ntchito ya mapiriwa ndi kugawa mvula, monga limachitira denga la nyumba. Dontho logwera mbali ya kum'mawa limatsetserekera mu Bua, mu Rusa, mu Ludzi kapena mu Liwelezi, n'kuuyamba ulendo wa ku nyanja ya Malawi. Logwera kumadzulo limalowa m'timitsinje ta dziko la Chipata, ku Zambia, timene madzi ake amakathera mu Luangwa. Kum'mwera, kumalire ndi Mozambique, mtunda womwewo umapitirira kulowera ku mapiri a Dzalanyama, ndipo madzi a tsidya linalo amatsikira ku Zambezi kudzera m'chigawo cha Tete. Madzi onsewa amakapezananso mu Zambezi, ena atadzera kunyanja ndi mu Shire, ena atadzera mu Luangwa, koma pofika kumeneko amakhala atadyetsa anthu a mayiko atatu. Ine ndimakhulupirira kuti wofuna kumva mbiri ya Mchinji ayambire pamtunda umenewu, pakuti malire, linga la atsamunda, mtedza, fodya ngakhale njala, zonsezi zidatsata kumene madzi amalowera.

Bua ndiye mwana wamkulu wa mapiriwa. Kumagwero kwake ndi kamtsinje koti mwana angathe kulumpha, koma pokathira m'nyanja ku Nkhotakota amakhala atayenda makilomita pafupifupi 250. Akangotsika m'phiri amataya liwiro. Chidikha cha Mchinji ndi chakale kwambiri, mvula ndi mphepo zidachisalaza kwa zaka zosawerengeka, kotero mtsinje supeza potsetsereka. Umangoti khotekhote m'madambo, kumwazikira m'mabango ndi m'nsenjere, pena mpaka osadziwika kuti khwawa lenileni lili pati. Bua amadzakhala wolusa kutali, atalandira madzi a Namitete ndi a Rusa, atadutsa m'malire a Kasungu, Dowa ndi Ntchisi, pamene agwera m'matanthwe a m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota kutsikira kunyanja, imene ili pa mamita osafika 500. Kumunsi kumeneko n'kumene mpasa imakwera kuchoka m'nyanja kudzaikira mazira, ndipo n'kumene alimi a mpunga amapatutsa madzi ake. Msodzi wa mpasa ku Nkhotakota mwina sadapondeko ku Mchinji, koma nsomba yakeyo imaswera m'madzi amene ena mwa iwo adagwa pa mapiri athu.

Kwa ife akuno, chuma cha mtsinje chili m'dambo. Dambo limamwa madzi a m'dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse. Mu Okutobala, kumtunda kutauma gwa, ng'ombe zimapezabe msipu kudambo. Amayi amafukula zitsime m'mphepete mwake, madimba a mpiru, tomato, anyezi, nzimbe ndi chimanga chachiwisi amabiriwira pamenepo, udzu wofolera ndi dongo loumbira mbiya zimachokanso komweko. Dothi la m'dambo ndi lakuda, lomata, lolemera pakhasu. Ukakwera pang'ono umapeza katondo wofiira ndi dothi losakanikira mchenga, lofewa, loti mtedza umazulika osasiya ana ake m'nthaka. Ichi n'chifukwa chake Chalimbana adakhazikika kuno kalekale, ndipo pambuyo pake CG7 adapeza pabwino. Amene amati mtedza wa ku Mchinji ndi wokoma akuyamikira dothi limene mapiri adakhala akuphwanyika n'kumalitumiza kuchidikha.

Nyengo ya kuno imalamulidwa ndi kukwera kwa dziko. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, n'chifukwa chake wochoka ku Salima kapena ku Nsanje amadabwa kuti kuno timagona ndi bulangeti miyezi yambiri. Mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, makamaka m'madambo, mmene mpweya wozizira umatsikira n'kugona, m'mawa nkhungu itati phi. Ogasiti amabwera ndi mphepo ndi fumbi, akamvuluvulu akuzungulira m'minda yokolola kale. Mu Seputembala mitengo ya miombo imachita chinthu chimene mlendo samvetsa: mvula isanagwe n'komwe, imaphuka masamba ofiira, ena ofiirira, ena achikasu, phiri lonse n'kusintha mtundu. Kenako Okutobala ndi kutentha kwake kopitirira madigiri 30, utsi wa moto wa kutchire utaphimba mapiri, usiku malawi akuoneka m'zitunda.

Chizimalupsa akagwa, akuluakulu amaletsa kubzala. Mvula imeneyo ndi yozimitsa moto ndi kugoneka fumbi basi, wobzala nayo amadzabzala kawiri. Yeniyeni imayembekezeka kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, pamene mphepo yachinyontho yochokera kumpoto chakumadzulo, kudziko la Congo, ikumana ndi mphepo zochokera ku nyanja yamchere ya India. Pachaka timalandira mamilimita pafupifupi 1,000, yochuluka ikugwa pakati pa Disembala ndi Malichi, ndipo midzi ya m'tsinde mwa mapiri imalandira yoposerapo chifukwa mitambo ikakwera phiri imazizira n'kukhuthula. Anamondwe a ku nyanja yamchere, monga Freddy amene adasakaza chigawo cha kum'mwera mu Malichi 2023, kuno amafika atatha mphamvu. Zimene mlimi wa ku Mchinji amaopa ndi zina: ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale chimanga chikumasula, matalala oboola fodya m'munda, ndi mvumbi wosakata umene umasandutsa munda kukhala dambo.

Kale dziko ili lidali la Achewa, ndipo dzina limene linkamveka kwambiri m'chigawo chino ndi la Mkanda, amene ufumu wake unkafika mbali zonse ziwiri za mapiri. Nthawi imeneyo nkhalango idali nkhokwe ya zonse. Makungwa a mombo ankasanduka luzi, ming'oma ya njuchi ndi chiwondo chovala. Masuku, maula, bowa, uchi ndi mphalabungu zinkatuluka mmenemo, chilichonse pa nyengo yake. M'nthaka mudali miyala yachitsulo, ndipo makala a mitengo yolimba ankayatsa ng'anjo zimene zinkatulutsa makasu, nkhwangwa ndi mikondo. David Livingstone adadutsa kumagwero a Bua mu Novembala 1866, pa ulendo wake womaliza, asanatsikire ku Luangwa mwezi wotsatira. M'zolemba zake za masiku amenewo muli osula zitsulo, muli osula chiwondo, komanso muli midzi yosowa chakudya chifukwa cha nkhondo ya Angoni imene idali itayamba kale kufika.

Angoniwo adaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Iye atamwalira kutali kumpoto, ana ake adagawikana, ndipo gulu la Mpezeni, litakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, lidadzakhazikika m'dziko limene lero tikuti Chipata ndi Mchinji. Anthu a ng'ombe sasankha malo mwachisawawa. Kuno adapeza mtunda wozizira, madambo a msipu wosatha, ndiponso dziko lopanda kashembe wochuluka ngati wa kuchigwa cha Luangwa. Mphamvu ya Mkanda idathyoka. Achewa ena adalowa pansi pa Angoni, ena adamanga malinga, ena adathawira m'mapiri, mmene munthu wodziwa mapanga ndi akasupe ankatha kubisala ndi banja lake. Mafumu a boma lino lero ndi umboni wa zaka zimenezo: Zulu ndi Mlonyeni ndi a Chingoni, Mkanda, Dambe ndi Mavwere ndi a Chichewa, ndipo anthu awo adakwatirana mpaka ngoma ndi gule wamkulu zimavinidwa m'midzi yoyandikana.

Malire adabwera mu 1891, olembedwa ndi anthu amene ambiri mwa iwo sadalione dzikoli. Pogawana ndi Apwitikizi, komanso pogawa dziko loyang'aniridwa ndi boma la Britain ndi la kampani ya Cecil Rhodes, Angerezi adasankha chinthu chosavuta kulemba papepala: mtunda wogawa madzi. Kumene madzi amapita kunyanja kudakhala kwa boma limene pambuyo pake lidatchedwa Nyasaland, kumene amapita ku Luangwa kudakhala kwa kampani. Papepala mzerewo ndi womveka bwino. Panthaka, kupatula pamwamba pa mapiri penipeni, mtundawo ndi wosalala moti munthu angaime pamenepo osadziwa kuti madzi a pansi pa phazi lake alowera kuti. Mzerewo udadutsa pakati pa dziko la Mpezeni ndi pakati pa dziko la Mkanda, pakati pa mudzi ndi manda ake, pakati pa mwana ndi malume ake.

Mpezeni sadaugonjere mzerewo. Azungu a kampani ya North Charterland ankakhulupirira kuti m'dziko lake muli golide, ndipo mkangano udakula mpaka mu Januwale 1898, pamene asilikali ochokera mbali ya Nyasaland adabwera ndi mfuti zazikulu. Mikondo ndi zishango sizidathe kulimba. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera ankhondo, adagwidwa n'kuomberedwa mu Febuluwale, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa, ndipo Mpezeni mwini wake adasungidwa kwa kanthawi pa linga latsopano limene adamanga m'tsinde mwa mapiri a Mchinji. Lingalo adalitcha Fort Manning, potengera dzina la William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Tsidya linalo kudamangidwa Fort Jameson. Malinga awiriwa adayang'anizana pa mpata umene njira yochoka kuchidikha imadutsira mapiri, ndipo mpata womwewo ndiwo udadzakhala msewu, kenako njanji, kenako chipata cha Mwami. Ufulu utabwera, mayina a asilikali adachotsedwa: Fort Jameson idakhala Chipata, Fort Manning idatenga dzina la mapiri ake.

Amishoni nawonso adatsata mapiri, pofuna madzi oyera ndi mphepo yabwino. Ansembe a White Fathers adafika pa Kachebere mu 1903, pansi pa phiri lamiyala limene laima pamalire penipeni, ndipo mu 1939 adatsegulapo seminale yaikulu imene kwa zaka zambiri idaphunzitsa ansembe a mayiko onse awiri. Anthu wamba sadasiye kuoloka. Mpaka lero, kumapeto kwa Febuluwale, mbewu zoyamba zikacha, Angoni a kwa Zulu ndi kwa Mlonyeni amapita ku Mtenguleni ku mwambo wa Nc'wala, umene udazima nkhondo ya 1898 itatha n'kudzatsitsimutsidwa mu 1980. Mu Ogasiti, dzinthu zili m'nkhokwe, Achewa amalowera ku Mkaika ku Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Miyambo iwiriyi imayendera kalendala ya mvula imodzi, pakuti mtambo umene umagwetsa mvula kwa Mkanda ndi womwewo umanyowetsa minda ya ku Chipata.

Mu 1924 boma la atsamunda lidaika mapiri a Mchinji kukhala nkhalango yotetezedwa, mahekitala pafupifupi 20,000. Kwa eni dziko lamulolo lidali lowawa, chifukwa malo amene makolo awo ankasakako nyama ndi kufulako njuchi adasanduka oletsedwa. Komabe chifukwa chimene adaperekacho chidali choona: mitengo ya pamwamba ndiyo imasunga akasupe. Kuti mumvetse mmene thengo lidalili masiku amenewo, kumbukirani mkango wa mu 1930, umene udapha anthu 36 m'midzi yozungulira Fort Manning pa miyezi isanu yokha. Agogo amene adakula nthawi imeneyo ankasimba za kutseka zitseko dzuwa lisanalowe ndi kupita kumadzi m'magulu. Lero mwana wa ku Mchinji akafuna kuona mkango ayenera kukwera galimoto ulendo wautali, ndipo sindinena kuti tiulire mkangowo. Chimene ndikulira ndi thengo limene unkabisalamo.

Thengolo lidayamba kutha msanga m'zaka za m'ma 1970, pamene boma lidatsegula njira yoti anthu atenge malo aakulu a maesiteti a fodya. Chidikha cha Mchinji ndi Kasungu chidali chokoma kwa iwo: chosalala, cha dothi labwino, cha mvula yodalirika. Mitengo idazulidwa ndi mizu yomwe, ina idapita ku zigafa ndi mikangala, ina idapsa m'mabani ochiza fodya. Matenanti adabwera kuchokera ku maboma othinana a kum'mwera, ambiri sadabwererenso. Njanji yochoka ku Lilongwe idafika mu 1980, ngakhale kuti kulumikizana kwake ndi Chipata kudadikira mpaka 2010. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kudabweranso othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene ankafuna nkhuni ndi milimo monga aliyense. Kalembera wa 1998 adapeza anthu pafupifupi 325,000 m'boma la makilomita 3,356 m'bwalo lake, ndipo wa 2018 adapeza opitirira 600,000. Pa zaka makumi awiri anthu adatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, koma dambo ndi phiri zidakhala zomwezo.

Njala ya 2002 idaonetsa mbali ina ya dziko lathyathyathya. Ambiri akamva za njala amaganiza za chilala, monga cha mu 1992, koma iyi idayamba ndi mvula yochuluka. Kumayambiriro kwa 2001 mvula idagwa mosalekeza, madzi adasowa kolowera, minda ya m'mbali mwa madambo idamira, chimanga chidachita chikasu n'kupinimbira. Walira mvula walira matope, adatero akale, koma matope a chaka chimenecho adadya nkhokwe. Pofika kumapeto kwa chakacho mtengo wa chimanga udali utakwera kangapo, pamene chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidali chitagulitsidwa. Bungwe la Save the Children la ku Britain lidachita kafukufuku ku Mchinji ndi ku Salima n'kuchenjeza kuti zinthu zafika poipa, koma thandizo lidachedwa, ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza za ngozi ya njala kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Mabanja adadya gaga, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima, adagulitsa mbuzi ndi ziwiya pamtengo wozizira, ambiri adaoloka malire kukagwira ganyu m'minda ya ku Zambia kuti alandire ufa. Boma limene limadyetsa Lilongwe lidagona ndi njala. Zaka zinayi pambuyo pake, mu 2006, ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopatsa ndalama mabanja ovutikitsitsa, idayesedwa koyamba kuno ku Mchinji.

Alimi a lero amati mvula idasintha khalidwe. Imachedwa kuyamba, ikabwera imakhuthuka kamodzin'kamodzi, kenako n'kusowa masabata awiri kapena atatu. Mbali ina ya kusinthaku ndi ya dziko lonse lapansi, ndipo sitingaithetse tili pa Kamwendo. Zaka za El Niño, monga 2016 ndi 2024, zimauma kuchokera ku Zimbabwe mpaka kuno. Koma mbali ina ndi ya manja athu. Phiri likakhala ndi mitengo, masamba ogwa ndi mizu zimagwira dontho kuti lilowe pansi, ndipo kasupe amalitulutsa mu Seputembala. Likakhala lambee, madzi amathamanga tsiku lomwelo, atanyamula dothi, n'kukalitaya m'dambo. Dambo likadzaza mchenga limasiya kusunga madzi. Tikawonjeza kulima mpaka m'khwawa ndi kutentha tchire chaka ndi chaka, sitiyenera kudabwa kuti zitsime zimene zinkafika mvula ina zikuphwa mu Ogasiti. Matumba a makala amene amatsika m'phiri pa njinga mbandakucha ndi madzi a chilimwe amene tikugulitsa.

Wootcha makalayo sindimuweruza mopepuka. Nthawi zambiri ndi bambo amene munda wake ndi ekala imodzi, feteleza wamukanika, ndipo m'tauni muli wogula amene magetsi ake ndi osadalirika. Alonda a nkhalango ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa phiri. Koma ndaona m'midzi ina mmene mafumu adapatula nkhalango ya mudzi, anthu n'kusiya kuzula zitsa, mombo ndi msuku zikuphukanso zokha popanda wobzala, pakuti mizu ya mitengo imeneyi imakhala ndi moyo pansi kwa zaka zambiri. Chimene imafuna ndi kuitchinjiriza ku moto, ku mbuzi ndi ku nkhwangwa kwa zaka zingapo. Manda athu, amene palibe amayerekeza kudulamo mtengo, akuonetsa kale mmene chidikha chonse chinkaonekera.

Mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, atsogoleri a Malawi ndi Zambia pa nthawiyo, adatsegula chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, choti galimoto iziima kamodzi kokha m'malo mwa kawiri. Ndi chinthu chabwino, ndipo amalonda akuchiyamikira. Maboma awiriwa adagwiranso ntchito limodzi zaka zambiri kuimika zipilala za malire kuti aliyense adziwe polekezera. Mgwirizano wotere sudafike kumitengo. Moto woyatsidwa mbali ya Zambia suima pa chipilala, ndipo makala ootchedwa mbali ino amatha kugulitsidwa mbali inayo. Mafumu a mbali zonse ziwiri ndi pachibale, amakumana ku Nc'wala ndi ku Kulamba chaka chilichonse, ndipo ndi iwo amene angathe kupangana za mwezi wotentha tchire, za mtunda woyenera kusiya m'mbali mwa kasupe, ndi za chindapusa chofanana kwa wodula mtengo kumagwero, kaya chiphaso chake ndi cha Malawi kaya cha Zambia. A ku Kasungu, ku Dowa, ku Ntchisi ndi ku Nkhotakota, amene amamwa ndi kuthirira madzi a Bua, ayenera kukhala nawo pa bwalo limenelo ndi kusonkhako ndalama zolipirira alonda.